Mwana wa Fomu 4 wandiuza kuti akufuna kufa, koma akuti ndisauze munthu

Mphunzitsi wa Life Skills, Dedza:
Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru usiku womwe uno. Ndili pasukulu ya atsikana yogonera pompo, ya asisitere. Mtsikana wina wa Fomu 4, yemwe chaka chatha ankakhoza bwino, temu ino wasinthiratu. Nsima amangoitsina kawiri n'kukankha mbale, ku prep amayang'ana tsamba limodzi mpaka belu kulira, kwaya anasiya. Bambo ake anamwalira mu Disembala ndipo fizi sanamalize. Lero titaweruka wanditsatira n'kunena kuti, "Madamu, bola ndingofa, amayi apumeko." Kenako wandigwira dzanja kundipempha kuti ndisauze aliyense, makamaka a hedi. Sindinalonjeze, komanso sindinakane. Ndikaulula, kodi adzandikhulupiriranso?

Matron, Mzimba:
Madamu, zinazo tikambirana mawa, koma usiku uno mwanayo asakhale yekha. Pitani kwa matron wanu pompano. Amutenge akagone kuchipinda cha odwala kapena pafupi ndi iwo, anzake angouzidwa kuti sakupeza bwino. Mapiritsi onse amene atsikana amasunga m'masutikesi atengedwe, ndipo kusitolo kumene kumakhala mankhwala a mbewu ndi a makoswe kukhomedwe, kiyi asunge munthu mmodzi. Ana ambiri maganizowa amawabwerera mwamphamvu kwa kanthawi, ndiye pa kanthawi kameneko pasakhale chinthu pafupi.

Mphunzitsi wa Masamu, Zomba:
Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, ana a Fomu 4 akamayandikira MSCE amayankhula zotere. Mwina ndi mantha a mayeso chabe. Mupemphere naye, ayambe novena (mapemphero a masiku asanu ndi anayi), a gulu la ophunzira achikhristu la YCS amuyendere. Mukamufunsitsa za kudzipha mumuika maganizo amene analibe.

Mphunzitsi wopereka uphungu, Lilongwe:
Achimwene a ku Zomba, pepani, apa ndikutsutsani ndi ulemu wonse. Kufunsa sikuika maganizo mwa mwana. Amene wanena yekha kuti bola afe, maganizowo ali nawo kale, ndipo ambiri amapepukidwa akaona kuti wamkulu sanathawe nkhaniyo. Madamu, mufunseni mosazungulira, mutakhala pansi awiri: "Kodi ukuganiza zodzipha? Waganizapo njira yake? Unayesapo kale?" Akayankha kuti waganiza njira kapena anayesapo, musadikire sabata yamawa, ameneyo ndi wopita naye kuchipatala mwamsanga.

Za chinsinsizo, njira yake ilipo. Musapite kwa a hedi iye asakudziwa. Muuzeni kaye: "Zimene wandiuzazi n'zolemera, sindingazisenze ndekha chifukwa ndikufuna ukhale ndi moyo. Tiyenera kuuza munthu wina. Ufuna tiyambe ndi ndani, ndipo ufuna ukhalepo ndikamanena?" Akwiya mwina, alira, koma akhala atamva kuchokera pakamwa panu. Chimene chimapha chikhulupiriro cha ana n'kumva nkhani yawo ikukambidwa mu staff room pa nthawi ya tiyi. Odziwa akhale ochepa: a hedi, matron, mayi ake, ndi achipatala. Aphunzitsi enawo angouzidwa kuti mwana akudwala, asamuthamangitse pa homuweki.

Wansembe wothandiza pasukulu, Mangochi:
Ndilowererepo pang'ono, chifukwa kusokoneza kumeneku ndimakuona kawirikawiri m'sukulu zathu. Chinsinsi chosaululika zivute zitani ndi cha sakramenti la kulapa, ndipo chimamanga wansembe amene wamva kulapako. Inu Madamu simunali m'kalapiro. Udindo wanu ndi wa kholo. Ngakhale ine, mwana akandiuza zotere polapa, ndimamupempha kuti tikambiranenso tikatuluka, kuti ndithe kumufunira thandizo.

Chinanso, chonde pasapezeke womuopseza mwanayu ndi moto wa kugehena. Katekisimu wa Mpingo, ndime 2282 ndi 2283, amanena kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo ndi mantha aakulu zimachepetsa mlandu wa munthu, ndipo Mpingo umawapempherera amene anadzipha. Mwana woganiza kuti ndi katundu wolemetsa mayi ake, mukamuuzanso kuti ndi wochimwa, atseka pakamwa. Novena achite ngati iye akufuna, ine ndimuthandiza nawo kupemphera ndili kuno. Koma wodwala malungo timamupempherera ali pa mankhwala. Abale a St John of God, amene amasamalira odwala maganizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi a Mpingo wathu womwewu.

Mphunzitsi wa Masamu, Zomba:
Ndamva, Bambo. Koma mukangotchula chipatala makolo amaganiza za Zomba Mental, amati mwana wawo mwamutcha wamisala.

Mphunzitsi wopereka uphungu, Lilongwe:
N'zoona, n'chifukwa chake mawu oyamba kwa mayi ake asakhale amenewo. Muwauze zimene mwaona: sakudya, sakugona, akulira bambo ake. Kuchipatala cha boma muyambe mwafunsa namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Akamuyezanso m'thupi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi matenda ena zimafooketsanso mwana. Mufunsenso mofatsa ngati pali amene akumuvutitsa, kaya kunyumba, kaya pasukulu pompo, ngakhale mphunzitsi. Zikakhala choncho nkhani ipite ku ofesi ya Social Welfare kapena ku Victim Support Unit ya polisi, isathere mu ofesi ya a hedi. Nambala ya 116, ya anthu othandiza ana pa foni, ndi yaulere, mumubwereke foni yanu ayankhule nawo payekha.

Wachiwiri kwa a hedi, Mulanje:
Ndikhudze za fizi, chifukwa mwanayu watchula mayi ake. Madamu, kwanuko mayina a ongongola amawerengedwa pa assembly? Ife tinasiya. Mwana wamasiye kuimitsidwa pamaso pa sukulu yonse Lolemba lililonse, kenako tizidabwa kuti wasiya kudya? Ngongole ndi nkhani ya bursar ndi kholo. Pemphani a hedi amuuze mwanayo pamaso kuti sathamangitsidwa mpaka alembe mayeso, kenako mufufuze basale ku khonsolo, kuparishi kapena kwa ophunzira akale.

Mphunzitsi wa Life Skills, Dedza:
Zikomo nonse. Ndabwerera ku hostel, ndamufunsa monga mwanenera. Njira anali ataiganiza. Ndamuuza kuti sindingasunge ndekha, walira nthawi yaitali, kenako wasankha kuti tiyambe ndi matron. Panopa wagona kuchipinda kwa matron. Asisitere ndawadzutsa, avomera kuti galimoto ya sukulu itiperekeze kuchipatala m'mawa, ndipo mayi ake tiwaimbira kukacha. Za mayina pa assembly, inde amawerengedwa, ndipo lake linatchulidwa Lolemba lapitali.

Matron, Mzimba:
Mwachita bwino, Madamu. Akabwerako kuchipatala musamubweze kumudzi mothamanga pokhapokha achipatala atatero, kumeneko n'kumene kuli maliro ndi ngongole. Masabata oyambirira muzimuona tsiku lililonse pa nthawi yodziwika. Muyang'anenso mnzake wogona naye pafupi, kawirikawiri amakhala kuti wakhala akusenza nkhaniyi yekha. Inunso mupeze woti muzikamba naye. Mawa mutiuze zimene anena achipatala.