"Mtima wa mnzako ndi tsidya lina": kodi tsidya limeneli limaolokeka?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uwu. Ndili chaka choyamba ku yunivesite ku Chirunga, ku Zomba, ndipo tangoyamba kumene psychology. Loweruka ndinakaona agogo ku Chinamwali, ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Atandifunsa zomwe ndikuphunzira, ndinati, "Agogo, ndi za maganizo ndi khalidwe la munthu." Anaseka mpaka nyemba zina kugwera pansi. "Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, mdzukulu wanga. Kusukuluko akupatsani bwato?"

Ndabwerera ku hostel mawuwa akundizungulirabe m'mutu.

Choyamba ndi mtimawo. M'kalasi amatiuza kuti kuganiza, kukumbukira ndi mantha zimachitikira mu ubongo. Chichewa chathu sichimva zimenezo. Timapsa mtima, timataya mtima, timakhazika mtima pansi, ndakatulo timaloweza pamtima, ndipo chimene chimatiletsa kugona tikalakwa ndi chikumbumtima. Mutu timausiyira nzeru ndi misala basi. Ndisanawaseke makolo, ndinakumbukira kuti dzina la phunziroli likuchokera ku mawu a Chigiriki, psyche, otanthauza mpweya kapena mzimu. Agiriki nawonso sanayambire ku ubongo.

Chachiwiri, tsidyalo, ndicho chandivuta. Wilhelm Wundt, katswiri wa ku Germany, atatsegula labotale yake ya psychology ku Leipzig mu 1879, ankaphunzitsa anthu kudzimvetsera okha mkati n'kufotokoza chimene amva, mwachitsanzo pakalira kachipangizo kogunda nthawi. Mu 1913 John Watson wa ku America anakana njira yofunsa zamkatiyi, nati sayansi iziyeza zooneka ndi maso, zomwe munthu akuchita. Kunena zoona, Watson akadakhala pakhonde paja akadagwirizana ndi agogo. Koma agogo omwewo amadziwa kuti ndili ndi nthumanzi ndisanatsegule pakamwa, amangoona mmene ndikutemera nsima.

Ndiye tsidya linali ndi lotani? Mtsinje wa Likangala mwezi wa October mwana amaoloka atangopinda buluku, koma mu February ukhoza kuima kutsidya kuno tsiku lonse. Kodi mwambiwu ukuti kwa mnzako sikufikika, kapena ukuti usadzitame kuti wafika usanaoloke?

Yankho loyamba:
Mwana wanga, ine ndaphunzitsa Chichewa ku pulayimale mpaka kupuma. Mwambiwu timaunena munthu amene tinkamukhulupirira akatichita chipongwe, kapena munthu wosekaseka akadzipweteka mwadzidzidzi. Ndi chenjezo, si funso la sayansi. Tsidya lina umaliona ndithu, mitengo ndi utsi wa m'midzi, koma zimene akuphika kumeneko sudziwa. Mtima apa ndi zolinga zobisika, osati maganizo onse.

Yankho lachiwiri:
Aphunzitsi, ndikupempha kuwonjezera pang'ono. Mwana sabadwa akudziwa mwambiwu, amachita kuukulira. Yesani kunyumba: ikani switi m'kapu ana awiri akuona, mmodzi atuluke, inu musamutsire switiyo m'thumba. Funsani wotsalayo kuti mnzake akabwera akayang'ana pati. Wa zaka zitatu nthawi zambiri amaloza thumba, poti akuyesa kuti chimene iye akudziwa aliyense akudziwa. Wa zaka zinayi kapena zisanu amaloza kapu. Akatswiri a psychology Heinz Wimmer ndi Josef Perner anayesa zofanana ndi zimenezi mu 1983. Apo mpamene mwana amazindikira kuti kuli tsidya lina, ndipo bodza lake limayambanso kupsa bwino nthawi yomweyo.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Za switizo ndiyesa pa ana a achemwali ku Matawale. Koma aphunzitsi, ngati mtima pamwambiwu ndi zolinga zokha, nanga tikamati "mtima suvala nsanza" ndi mtima womwewo kapena wina?