Bere latupa, apongozi aletsa kuyamwitsa: ndithandizeni, anzanga

Mzamba wa ku Chawama: Anzanga, mwaswera bwanji? Ndili ndi mayi amene anabereka masabata atatu apitawo, mwana woyamba. Wabwera lero bere lakumanzere latupa, lafiira mbali ya kukhwapa, nsonga yake ili ndi ming'alu. Thupi latentha 38.6. Ali pa ma ARV, ndipo viral load yake yomaliza (kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi) inali yabwino. Vuto ndi apongozi ake. Akuti mkaka wasasa, umupha mwana, moti chiyambire Lamlungu mwana sakuyamwa, akungomupatsa madzi a shuga ndi supuni. Ndiyambire pati?

Sisita wopuma ntchito, Matero: Yambira pa mwanayo, mwanawe. Bere lidikire pang'ono. Wakodza kangati lero? Liwombo lili bwanji? Madzi a shuga aleke lero lomwe. Mwana wa mayi wa kachilombo ukamusakanizira zina asanakwane miyezi 6, m'matumbo mwake mumakwiya, ndiye kachilombo kamapeza polowera. Bere lakumanja lili bwino?

Mzamba wa ku Chawama: Lili bwino amayi, langodzaza kwambiri. Mwana wakodza kawiri kokha, koma ali maso, akulira mwamphamvu. Ndamuyika ku bere lakumanja ndipo wayamwa ngati ali pa mpikisano.

Clinical officer, Kanyama: Zikomo pamenepo. Kwa mayi wopanda kachilombo timati ayamwitse mawere onse awiri ngakhale limodzi litatupa. Koma uyu ali pa ma ARV, bere lili ndi ming'alu, choncho malangizo a WHO ndi akuti mwana ayamwe bere labwinolo, lodwalalo azilikama ndi kutaya mkakawo mpaka lichire. Mankhwala: cloxacillin 500 mg kanayi pa tsiku masiku 10, kapena erythromycin ngati penicillin samuyanja. Panado wa ululu. Ma ARV ake ndi mankhwala a mwana asadumphe. Koma a Mzamba, mwalipapasa? Pali pofewa pamene pakuyendayenda ngati madzi pansi pa chala?

Mzamba wa ku Chawama: Ndapapasa, achimwene. Ndi polimba ponse, palibe pofewa. Sindikuganiza kuti chithupsa chapanga kale.

Sisita wopuma ntchito, Matero: Ndiye mutengere nsalu ya madzi otentha, alisisite mwamphamvu mpaka zotupazo zisungunuke. Ife tinkatero zaka zonse.

Namwino wa ku wodi ya azimayi: Amayi, pepani ndikutsutseni pang'ono. Inenso ndinaphunzira choncho, ndipo ndinalizapo azimayi ambiri ndi zala zangazi. Koma malangizo a 2022 a bungwe la madokotala a za kuyamwitsa la Academy of Breastfeeding Medicine akuti kukanya bere ngati ufa wa mandasi kumawonjezera kutupa, chifukwa vuto si mkaka wouma wotseka njira ayi, ndi minofu yotupa imene ikufinya timitsempha ta mkaka. Akuti tiziyika nsalu yozizira, tizisisita mopepuka kulowera kukhwapa, tizikama pang'ono pongofuna kuti lipepuke. Kukama mpaka kuuma kumauza bere kuti lipange mkaka wambiri. Madzi ozizira a mufiriji ndi mwayi masiku a loadshedding ano, koma a mumtsuko kapena mundowa ya pamthunzi amagwira ntchito.

Sisita wopuma ntchito, Matero: Ee, ukalamba ndi kuphunzira. Ndalandira. Koma nsalu yofunda pang'ono asanakame sindiyisiya, imatsitsa mkaka. Tsono palibe amene wafunsa chimene chinang'amba nsongayo. Mwana amagwira bwanji bere?

Mzamba wa ku Chawama: Apo mwalasa, amayi. Ndamuyang'ana akuyamwa: amangoluma kunsonga, masaya akulowa m'kati, mayi wapana bere ndi zala ziwiri ngati wagwira ndudu, iye atawerama kulondola mwana. Ndamukhazika tsonga, mimba ya mwana pa mimba yake, ndadikira mwana ayasamule kenako ndamubweretsa ku bere. Chibwano chagunda bere, mlomo wapansi watembenukira kunja, chakuda chozungulira nsonga chikuoneka kwambiri pamwamba kusiyana ndi pansi. Mayi wandiyang'ana n'kunena kuti, "Sisita, sizikupweteka." Ndamuonetsanso kukama: chala chachikulu pamwamba, cholozera pansi, kumapeto kwa chakudacho, kukanikiza kulowera kuchifuwa osati kukoka nsonga.

Wa SMAG (gulu la m'dera lolimbikitsa uchembere wabwino), Mtendere: Zonsezo ndi zabwino, koma akabwerera kunyumba wolamula ndi apongozi. Mukangomuuza mtsikanayo, mawa supuni ibwerera. Ayitaneni agogowo, muwapatse mpando, ndipo musawauze kuti alakwa. Ine ndimati, "Agogo, bere ili mwaliona bwino kuti likudwala, ndiye tilipumitse. Koma linali ndi la mdzukulu wanu, ndipo ndinu amene muziyang'anira kuti wayamwa." Mukawapatsa udindo, phala la nsinjiro amaphika okha. Samalani chimodzi: kodi akudziwa za ma ARV? Musamuulule mwana wa eni pakhonde.

Mzamba wa ku Chawama: Sakudziwa, asisi. Mwandipulumutsa, ndikanapsa mtima n'kulankhula zambiri. Ndiwauza za mkaka wa bere lodwala basi.

Clinical officer, Kanyama: Abwerenso pakatha masiku awiri. Ngati thupi likutenthabe kapena papezeka pofewa, mutumizeni ku chipatala chachikulu cha UTH akachotse mafinya. Ndipo akamaliza mankhwala bere lili chifiirire, khungu likuoneka ngati khoko la lalanje kapena nsonga yalowa m'kati, musamupatsenso ma antibiotic ena. Pali khansa ya m'mawere imene imadzionetsa ngati kutupa wamba. Akapimidwe, ndipo zikatero Cancer Diseases Hospital ili pomwepo.

Mzamba wa ku Chawama: (Lachinayi) Abwera onse atatu. Thupi 37.1, kufiira kwachepa, pofewa palibe. Mwana akunyowetsa matewera kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Apongozi ndi amene anyamula mwana, ndipo andidzudzula kuti bwanji sindinawauze kale kuti mpongozi wawo amagwira bere molakwika. Ndavomera mlandu. Abweranso Lolemba ku sikelo.