Asuweni anga akumunyoza bwenzi langa la ku Philippines ndi nkhani za m'makanema olaula, ndichite bwanji?

Mwini funso:

Admin, chonde mundibise dzina, abale anga ambiri ali pa gulu lino.

Ndine namwino, ndimagwira ntchito kuno ku England. Bwenzi langa nayenso ndi namwino, kwawo ndi ku Philippines. Amene muli kuno mukudziwa kuti m'zipatala za boma za NHS anamwino a ku Philippines ndi ochuluka, ndiye tinakumana pa ntchito pompo. Ndi munthu wofatsa, wa Katolika ngati ine, ndipo amatumiza ndalama kwa amayi ake mwezi ndi mwezi monga timachitira ife. Tikukonza zoti chinkhoswe chikachitikire kumudzi nthawi ya Khrisimasi.

Vuto labuka pa gulu la WhatsApp lokonzekera chinkhoswecho, limene iyenso analimo. Asuweni anga aamuna anayamba ndi kumutchula kuti mtchaina. Kenaka mmodzi anaponya chithunzi chonyoza amuna a ku Asia, chonena za kuchepa kwa chida cha abambo, wina n'kuwonjezera kuti munayamba mwamuonapo mtchaina m'makanema aja, sawatenga chifukwa alibe choonetsa, achemwali athuwa azikagona ndi njala. Makanema ake ndi olaula. Analemba m'Chingerezi dala kuti mwini wake amve, ndipo anthu anaseka, ena mwa iwo azimayi akuluakulu.

Iye sanayankhe, anangotuluka pa gulupo. Titakhala pansi anandiuza zimene anali asanandiuzepo. Akuti kwawo palibe anamunenapo kuti ndi mwamuna woperewera, wadzazimvera kuno: kuntchito pa nthawi ya tiyi, ndiponso pa ma app opezera zibwenzi, kumene akazi ena amalemberatu kuti amuna a ku Asia asayerekeze. Sanandibisire kuti ali mnyamata ankaonera makanema amenewo. Akuti m'makanema a azungu akazi a ku Asia ankawaona mbwee, koma mwamuna wofanana naye kunalibe, akapezeka ndiye wongoseketsa anthu. Tsopano akuopa kukaima pamaso pa abale anga aliyense ali ndi maganizo amenewo m'mutu.

Za kuchipinda kwathu sindinena pano ndipo musandifunse. Chimene ndikufuna ndi ichi. Nkhani yonyoza amuna a ku Asiayi inachokera kuti, kuti mpaka ifike pakamwa pa mwana wa kwathu amene sanachezepo ndi munthu wa ku Philippines? Asuweniwa ndithane nawo ndekha kapena ndipite kwa amalume? Nanga mwini wakeyu ndimuyankhule bwanji osamuwonjezera bala?

Bambo wa ku Joni:

Achemwali, pepani, koma chisuweni n'chomwecho. Mlamu aliyense amasekedwa. Ine akuchikazi ananditchula mayina osayamba chifukwa cha ntchito yanga ya m'garden, lero timadyera mbale imodzi. Mumuuze alimbe mtima, akabweze nthabwala, adzamukonda.

Mayi mlangizi, Zomba:

Ayi bambo, pamenepo sindikuvomerezani. Chisuweni ndimachidziwa, ndakalamba nacho. Mlamu timamuseka kadyedwe, timamuseka akalephera kugwira khasu, timamuseka Chichewa chake chopindika. Koma kutchula maliseche a mkamwini pa gulu pamene pali azakhali ndi apongozi ake, umenewo si mwambo wa kwathu, kumeneko n'kutukwana. Za kuchipinda zili ndi malo ake ndi anthu ake, n'chifukwa chake kuli alangizi. Anawa zimenezi sanazimve kwa agogo awo, azitola pa foni.

Mwana wanga, usalimbane nawo wekha. Iwe ukayankhula adzati mtsikana wapenga ndi chikondi. Imbira amalume ako amene adzakhale ankhoswe, uwauze mawu onse monga analembedwera, usawachepetse chifukwa cha manyazi. Ntchito ya ankhoswe siiyamba tsiku la chinkhoswe.

Mphunzitsi, Indiana:

Asisi, ndiyankheko funso lanu loyamba, chifukwa mbiri yake ilipo ndipo ndi ya kuno ku America.

Amuna a ku China anabwera ambiri ku California kudzakumba golide ndi kumanga njanji yodutsa dziko lonse, imene inatha mu 1869. Ntchito itachepa, azungu anayamba kuwaona ngati olanda ntchito. Mu 1875 boma linakhazikitsa lamulo lotchedwa Page Act, limene linatsekereza pafupifupi akazi onse a ku China ponamizira kuti akubwera kudzachita uhule. Mu 1882 kunabwera Chinese Exclusion Act, loletsa antchito a ku China kulowa m'dziko. Pofika 1890, mwa anthu a ku China okhala ku America munali amuna pafupifupi 27 pa mkazi mmodzi. Kukwatira mzungu kunali koletsedwa ndi lamulo la California. M'migodi ndi m'mafakitale ankawathamangitsa, ndiye ambiri anatsala ndi kuchapa zovala, kuphika ndi kugwira ntchito za m'nyumba, zimene azungu a nthawi imeneyo ankati ndi za akazi. Taonani mmene zinayendera. Munthu mwamuletsa kubweretsa mkazi wake, mwamuletsa kukwatira wa kuno, mwamusiyira ntchito yochapa, kenaka mukumuloza chala kuti onani si mwamuna weniweni.

Koma nkhani ya anthu a kwawo kwa bwenzi lanu ndiyo imaonetsa bwino kuti zonsezi n'zopeka. M'zaka za m'ma 1920 anyamata a ku Philippines ankagwira ntchito m'minda ya ku California, ndipo dandaulo la azungu silinali loti ndi operewera ayi. Linali loti amatchena kwambiri, amavina bwino, akutitengera akazi. Mu January 1930 ku Watsonville magulu a azungu anasakasaka anyamatawa kwa masiku angapo chifukwa chovina ndi atsikana achizungu pa holo ina, ndipo anawombera n'kupha mnyamata wa zaka 22, Fermin Tobera. Mu 1933 Salvador Roldan, wa ku Philippines, anapambana mlandu ku khoti woti akhoza kukwatira bwenzi lake lachizungu, popeza lamulo silinkatchula anthu a mtundu wake. Chaka chomwecho aphungu a California anasintha lamulolo kuti nawonso aletsedwe, ndipo chiletso chimenechi chinagwa mu 1948. Ngakhale m'mafilimu, m'zaka za m'ma 1910 mmodzi mwa amuna amene akazi a ku America ankawafera anali Sessue Hayakawa wa ku Japan.

Ndiye anthu omwewo, pamene ankaopedwa ankanenedwa kuti ndi achiwerewere oopsa, pamene anafuna kuwachepetsa anati alibe mphamvu. Opanga makanema olaula anapeza bodzali lilipo kale, iwo anangoligulitsa.

Namwino mnzanu, Manchester:

Ndiwonjezere za chipatala, poti asuweniwo akuyankhula ngati anayeza. Mu 2015 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi David Veale wa ku King's College London linasonkhanitsa miyezo ya chida cha amuna oposa 15,000, yoyezedwa ndi azachipatala osati yodzinenera okha. Anapeza kuti pakatikati ndi masentimita pafupifupi 13 chikadzuka, ndipo ananena kuti pa miyezo imene anali nayo sakanatha kugamula zoti mitundu ya anthu imasiyana. Mamapu amene amayenda pa intaneti aja, opaka mayiko utoto potengera kukula kwa chida, si ochokera mu kafukufuku ameneyu.

Munthu amene anafalitsa kwambiri zoika mitundu pa mzere anali J. Philippe Rushton wa ku University of Western Ontario ku Canada. Iye ankati anthu a ku Asia ali mbali imodzi, nzeru zambiri chilakolako chochepa, ife akuda tili mbali inayo, chilakolako chambiri nzeru zochepa. Mu 2020 dipatimenti yake yomwe inalengeza poyera kuti ntchito yakeyo inali yatsankho ndi yopanda maziko a sayansi. Abale athu akamaseka mlamu wawo akuganiza kuti iwo atamandidwa, osadziwa kuti chiphunzitso chomwecho chimati iwowo ndi opanda nzeru. Sungatenge theka lake n'kusiya theka linalo.

Ndipo tonse amene timagwira ntchito m'mawodi tikudziwa kuti matupi a anthu ndi osiyanasiyana mu mtundu uliwonse. Wosewera m'makanema aja amachita kusankhidwa pakati pa anthu ambiri, kamera n'kuikidwa pomuwonjezera.

Mnyamata wa ku Area 25:

Ine ndiyankhula ngati mmodzi wa amene anakulira pa foni. Makanema amenewa anyamata timapatsana kuyambira kusekondale, palibe wamkulu amatiuza kanthu, ndiye chimene waona umachitenga ngati sukulu. Pa mawebusaiti aja anthu amawaika m'magulu potengera khungu. Mwamuna wakuda amamuonetsa ngati chilombo, mkazi wa ku Asia ngati wosakana kanthu, mwamuna wa ku Asia ngati kulibe. Ukaonera zaka zingapo umayamba kukhulupirira kuti dziko lili choncho. Anzanga ena akudziona operewera chifukwa safanana ndi akuda a m'makanemawo, mpaka kumagula mankhwala a m'mabotolo pa msika. Bodza lomweli likutipweteka ifenso.

Komanso msuweni wanuyo akunama kuti amuna a ku Asia sapezeka. Japan ili ndi msika waukulu kwambiri wa makanema otere, osewera ake amuna a konko. Amene sawatenga ndi makampani a ku America ndi ku Ulaya, poganizira amene akuwagulitsa.

Mphunzitsi, Indiana:

Zoona achimwene. Richard Fung, wojambula mafilimu wa ku Toronto wobadwira ku Trinidad, analemba za zimenezi kale mu 1991. Anaunika makanema olaula a amuna okhaokha opangidwa ku America, n'kupeza kuti mwamuna wa ku Asia akaoneka amakhala woti asangalatse mzungu, nkhani yonse imaonedwa ndi maso a mzunguyo. Za ma app zimene bwenzi lanu wanena nazonso zili ndi umboni. Mu 2014 kampani ya OkCupid, yopezera zibwenzi pa intaneti, inatulutsa mmene anthu ake ankapatsirana mavoti. Kumbali ya amuna, a ku Asia ndi akuda ndiwo anali pansi. Kumbali ya akazi, anali akazi akuda. Asisi, inu ndi iye nonse mwakhala mukuyezedwa ndi sikelo yomweyo.

Bambo wa ku Joni:

Mbiriyo sindimaidziwa, zikomo aphunzitsi. Koma ndikuumirirabe pa chimodzi: asathawe. Akapanda kupita kumudzi anyamatawo adzati tinanena.

Mayi wa ku Lilongwe, wokwatiwa ndi mwenye:

Mng'ono wanga, funso lako lachitatu anthu akulidumpha, ndiye ndiyankhe ine. Ndakhala pa banja zaka zambiri ndipo zonenedwa ndazimva za mitundumitundu, zochokera kwathu ndi kwawo komwe.

Usamuuze kuti zilibe kanthu, chifukwa kwa iye zili ndi kanthu. Usayambenso kumutamanda za kuchipinda ngati ukumupepesa, mwamuna amazindikira msanga ndipo zimamuwawa kuposa chipongwe chija. Ndipo chonde usakamuteteze kwa abale ako powauza kuti ayi ndithu ali bwinobwino. Ukatero wavomera kuti thupi lake ndi nkhani ya pa bwalo, mawa adzafunsa zambiri. Yankho lako kwa iwo likhale loti nkhani imeneyi si yanu. Kwa iyeyo umuuze kuti zimene anachita abale ako n'zolakwika ngakhale pa mwambo wathu, kuti wakwiya nazo, ndiponso chimene wachitapo. Kenaka umufunse chimene akufuna, kaya kupepesedwa pa gulu kaya pa awiri. Ena safuna kuti nkhani ikulenso.

China, azimayi amene anaseka aja ndi omwewo amakhala pa TV madzulo kulira ndi masewero a ku Philippines, kusirira anyamata a mmenemo. Akamadzamuona maso ndi maso akupereka moni mwaulemu, ambiri adzachita manyazi okha.

Mwini funso:

Zikomo nonse, ndawerenga zonse. Amalume ndawaimbira. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati awaitanitsa anyamatawo ndi makolo awo, ndipo chithunzi chija chachotsedwa. Bwenzi langa ndamuwerengera za ku Watsonville, akuti za anthu a kwawo ogwira ntchito m'minda ya ku California anazimvapo koma za Roldan ayi. Wati kupepesa pa gulu sakukufuna, akufuna msuweni amene anayambitsa uja amuimbire yekha. Pa gulupo sanabwererebe ndipo sindikumukakamiza.

Chatsala chikundidetsa nkhawa ndi chilangizo. Mukudziwa mmene alangizi ena amayankhulira mosapsatira, nthabwala zili pakamwa. Ndikuopa kuti wina adzaitolanso nkhani yomweyi iye ali pompo, womasulira n'kumufotokozera.

Mayi mlangizi, Zomba:

Alangizi amasankhidwa, mwana wanga, sabwera okha. Poti nonse ndinu a Katolika, pempha banja limodzi la ku parishi kwanu limene limalangiza maukwati, azakhali ako akakhale nalo pansi lisanafike tsikulo, alifotokozere zimene zinachitika. Womasulira akhale mwamuna wamkulu, osati mmodzi wa asuweni. Ndipo mkamwiniyo asabwere yekha. Ngati abale ake sangakwanitse ulendo, apeze bambo wachikulire wa kwawo amene ali naye ku England, kapena ife timupezere banja kuno loti limuimire ngati akuchimuna. Undilembere ku inbox kudzera kwa admin, undiuze parishi yake ndi tsiku limene mukufika.