Mabuleki a ngolo ayamba kugwira

Ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani brake controller (kachipangizo koyendetsa mabuleki amagetsi a ngolo yokokedwa ndi galimoto) yomwe ndinamangirira pa pikapu yanga inkaonetsa kuti ngolo sinalumikizidwe, chonsecho pulagi ili m'malo mwake. Zikomo nonse amene munandiyankha, tsopano zatheka.

Mawaya anayi a controller anali bwinobwino: wakuda ku batire kudzera pa circuit breaker ya 30 amp, woyera ku negative, wofiira pa switch ya magetsi a mabuleki, wabuluu kupita kumbuyo ku mabuleki a ngolo. Vuto linali dzimbiri. Waya wa ground (wobwererapo magetsi) wa ngoloyo unali womangidwa pa chitsulo chodyeka, ndiye magetsi ochokera ku maginito a mabuleki ankasowa pobwerera. Nditapala chitsulocho mpaka kuwala n'kumanganso, chizindikiro chija chinazimiririka pomwepo. Musadalire mpira wachitsulo wokokera ngolo kuti ukhale ground, umagwira lero mawa n'kusiya, ndipo pamtsetse zimenezi n'zoopsa kwambiri.

Poyesa ndinayenda pa liwiro la makilomita 40 pa ola pamsewu wopanda anthu, ndikukoka kachitsulo ka manual ka pa controller, kogwiritsira mabuleki a ngolo ndi dzanja. Ndinakweza gain (mphamvu yopita ku mabuleki a ngolo) mpaka matayala a ngolo atatsala pang'ono kukwakwaza, kenako ndinatsitsa pang'ono. Ngolo ikadzanyamula katundu wolemera ndidzayesanso, popeza gain imayenera kusintha.