Uthenga wa vuto wa #REF! wadzaza mu lipoti la Excel, chonde thandizeni

Nachisale, Ntcheu boma: Anzanga ndatopa. Fayilo yanga ya lipoti la mwezi imakoka manambala a matumba a mbatatesi kuchokera ku mafayilo awiri, ya Lizulu ndi ya Tsangano. Lachisanu zinali bwinobwino. Lero ndatsegula onse atatu, column D yonse #REF! mpaka pansi, ya Tsangano yokha. Ku Edit Links ndapita, Update Values ndadina, palibe chasintha. Abwana akufuna lipoti mawa 8 koloko.

Maseko: Achemwali dinani selo imodzi, mutilembere fomula momwe ikuonekera.

Nachisale: ='[Tsangano.xlsx]#REF'!D4

Maseko: Ndiye a ku Tsangano asintha dzina la sheet kapena aifufuta, yanu ili yotseka. Excel imatsatira dzina latsopano pokhapokha mafayilo onse awiri ali otsegula nthawi yosinthayo. Ngati simunaseve, tsekani osaseva. Ngati mwaseva kale, dinani Ctrl+H (yofufuza ndi kusintha mawu), #REF muisinthe ndi dzina limene sheet ili nalo pano. Koma yambani mwakopera fayilo ina pambali.

Bambo Jere: Ine ndinanena kale muno, ma link, zokoka manambala ku fayilo inazi, ndi chipsinjo. Copy, Paste Values (kumata manambala okha opanda fomula), basi.

Nangozo, Dedza: A Jere, manambala a kumunda amasintha katatu pa sabata, ndiye munthu azikopera tsiku lililonse? Komabe achemwali samalani ndi batani la Break Link, lili pomwepo ku Edit Links. Limasandutsa fomula zonse kukhala manambala ouma ndipo Ctrl+Z sibweza. Ine linandiliza mwezi wa Malichi tikutseka chaka, ndinagona mu ofesi ndikulembanso fomula za sheet 12 pamanja, magetsi n'kuzimanso pakati pa usiku.

Bambo Jere: Mwaona? Mukanapanga Paste Values mukanagona kwanu.

Chisomo: Ine zanga zinali za fulashi. Pa laputopu inali E:, pa kompyuta ya mu ofesi F:, link kumangofuna E: yomwe kulibe. Change Source ya ku Edit Links, yolozera link pamene fayilo ili, ndiyo inandipulumutsa. Musamalinke fayilo ili pa fulashi kapena mu Downloads. Ndipo yobwera pa WhatsApp muidine Enable Editing kaye.

Maseko: China, aliyense wogwiritsa fomula ya INDIRECT adziwe kuti fayilo inayo ikatsekedwa imapereka #REF! ngakhale palibe cholakwika. SUMIF imapereka #VALUE!. VLOOKUP ndi SUMPRODUCT zimawerenga fayilo yotseka popanda vuto.

Bambo Jere: Zonsezi kuloweza pamtima chifukwa cha matumba a mbatatesi? Zaka zonse ndagwira ntchito ino link sindinaifunepo. Paste Values.

Nangozo: Tsiku limene adzakonze nambala ku Tsangano inu osadziwa, ma auditor adzafunsa inu, osati iwo.

Chisomo: Bwanji osangosamukira ku Google Sheets? Fomula yake yokokera manambala, IMPORTRANGE, nayo imaonetsa #REF! koyamba, koma ukadina Allow access yatha.

Nangozo: Bandulo ya tsiku lililonse agula ndani? Kwathu kuno ngakhale ya inki timachita kupempha.

Maseko: Achemwali a Nachisale, sheet ija aitchula dzina lanji?