Mu ofesi mwathu ikangokwana 2 koloko tonse mutu waaa, vuto nchani?

Wa pa Kamuzu Road:
Abale thandizeni, timakhala anthu 8 mu kaofesi kamodzi kuno ku Salima, mawindo otseka tsiku lonse poti AC ikuyaka, koma masana aliyense tulo, ena chimfine chosatha, ine mutu. Nkutentha kwa Okutobalaku kapena?

Mlongo wa ku Senga Bay:
Achimwene AC yapakhoma ija simalowetsa mpweya wakunja, imangozungulitsa omwewo mwapuma kale. Panja carbon dioxide, mpweya womwe timatulutsa popuma uja, amakhala cha m'ma 420 ppm (muyeso wa kuchuluka kwake mumpweya), muchipinda chotseka chodzadza anthu amadutsa 1000 mosavuta nde tulo tosayamba bwanji. Tsegulani mawindo awiri oyang'anizana m'mawa ndi pa lanchi, komanso fyuluta ya mu AC-mo munaitsukapo liti? imadzadza fumbi heavy.

Mjomba wa ku Nkhotakota:
Jenereta yanu ili pati? Kwathu anaiika pafupi ndi windo, magetsi akazima utsi onse mkati, ndipo carbon monoxide, mpweya wapoizoni wa mu utsimo, samveka fungo, amapha ameneyo. Suzumiraninso mu siling'i, kunyanja kuno mileme simasewera.

Wa pa Kamuzu Road:
Eeh jenereta ili pakhonde penipeni mjomba. Mawa ndiwauza abwana, kaya amva.