Kompyuta ya pakhomo: yatsopano yotsika mtengo kapena yogwiritsidwapo kale ntchito?

Mphunzitsi wa ku Dedza analemba:

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina kuno ku Dedza, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa bwino za makompyuta. Kwa chaka chathunthu ndakhala ndikuponya ndalama ku banki m'khonde, ndipo popeza mwezi wamawa tikugawana, ndikufuna kugula kompyuta imodzi yoti tizigwiritsa ntchito tonse pakhomo. Ineyo ndikufuna kuti ndizilembapo mayeso ndi kusungamo malikisi a ana asukulu. Bambo akunyumba ali ndi golosale, ndipo atopa ndi kulemba katundu ndi ngongole za makasitomala m'kope limene masamba ake amangothothoka. Mwana wathu woyamba ali Fomu 4, ndipo mtima wake uli pa maphunziro a uinjiniya ku MUBAS.

Sabata yatha ndinali ku Lilongwe ndipo ndinaona zinthu ziwiri zimene mitengo yake siyikusiyana kwenikweni. Choyamba ndi laputopu yatsopano ya m'katoni, imene papepala lake analemba kuti Celeron, RAM 4GB, malo osungira 64GB. Chachiwiri ndi Lenovo ThinkPad yogwiritsidwapo kale ntchito, yokalika pang'ono pachivindikiro, imene wogulitsa anati ndi Core i5. Alamu anga akuti ndisiye zonsezi ndigule kompyuta yapatebulo, pamene achimwene anga a ku Johannesburg akuti akhoza kunditumizira MacBook imene iwo anasiya kugwiritsa ntchito, ine ndingolipira yonyamulitsira. Mtima wanga ukukokera ku yatsopanoyo chifukwa ndikuopa kugula mavuto a munthu wina, koma ndalama iyi sindingaipezenso msanga. Kodi munthu amayang'ana chiyani kuti asadzanong'oneze bondo?

Wokonza makompyuta ku Limbe anayankha:

Aphunzitsi, mantha anu ndi omveka, koma pa ziwiri zimene mwaonazo, imene ndimaiona kawirikawiri pa benchi yanga eni ake atakhumudwa ndi yatsopanoyo. Microsoft inanena kuti Windows 11 imafuna RAM (malo amene kompyuta imaikamo zimene ikugwira pa nthawiyo) yosachepera 4GB ndi malo osungira osachepera 64GB, kutanthauza kuti laputopu imeneyo yangofika pa mlingo wotsikitsitsa, ilibe pothawira. Mukaikamo Word ndi Excel, Windows n'kudzikonzanso kangapo kudzera pa intaneti, malo amayamba kuchepa musanasungemo ngakhale zithunzi za ukwati. Choipa kwambiri n'chakuti pa makina ambiri a mtundu umenewu RAM ndi chosungiracho, chimene chimatchedwa eMMC, anaziwotcherera pa bodi, moti mukabwera kwa ine kuti ndiwonjezere, ndimangotsegula, kuyang'ana, n'kutsekanso. Mudzakhala nayo mmene munaigulira mpaka tsiku limene mudzaitaye.

ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook ndi makina amene makampani akunja amagulira antchito awo, ndipo pakapita zaka zingapo amawagulitsa ambirimbiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake adzaza m'mashopu athu. Anapangidwa kuti azitsegulidwa ndi sikuludiraiva wamba. Mwachitsanzo ThinkPad T480 ndi EliteBook 840 G5 zili ndi mipata iwiri yolowetsamo RAM, choncho mukhoza kuyamba ndi 8GB lero, mwana akalowa ku yunivesite n'kuwonjezera ina 8GB. Kiyibodi, batire, sikirini ndi chaja zimapezeka, mwina zatsopano mwina zochotsa ku inzake yakufa.

Komabe mawu akuti Core i5, amene ndi dzina la pulosesa kapena kuti ubongo wa kompyuta, paokha asakukopeni, chifukwa dzina limeneli lakhalapo kuyambira 2009. Uzani wogulitsayo akuonetseni nambala yonse ya pulosesa. Ikakhala i5-8250U kapena i5-8350U, nambala 8 yoyambirirayo ikusonyeza kuti ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, ndipo Windows 11 imalowamo mwalamulo. Ikakhala i5-7200U kapena i5-6300U, ndi yakale kuposa zimene Microsoft imavomereza. Izi n'zofunika chifukwa tsiku limene Microsoft inaika losiyira kusamalira Windows 10, imene makina akalewa amadalira, linali 14 Okutobala 2025. Ogulitsa ena amaikamo Windows 11 mokakamiza pa makina akalewa, ndipo imaoneka ngati ikuyenda bwino, koma palibe amene angakulonjezeni kuti idzapitiriza kulandira zoitchinjiriza.

Musanapereke ndalama, khalani nayo pansi kwa mphindi makumi awiri kapena kuposerapo. Tsegulani Command Prompt, kazenera kolembamo malamulo mu Windows, lembani powercfg /batteryreport, ndipo kompyuta idzakulemberani lipoti losonyeza mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo tsopano. Ngati yatsika kufika pa theka, mtengo wa batire latsopano muuphatikize pa mtengo wa laputopuyo, kenaka muyambe kunenerera. Dinani batani lililonse la pa kiyibodi, lowetsani fulashi m'mabowo onse, tsegulani ndi kutseka chivindikiro kuti mumve ngati mahinjesi akulira. Uzaninso wogulitsa alowe mu BIOS, tsamba la makonzedwe a kompyuta limene limatsegulidwa ikangoyatsidwa, inu mukuona, chifukwa makina ena ochokera ku makampani amabwera ali okhoma ndi mawu achinsinsi amene palibe akuwadziwa, ndipo kuchotsa loko ameneyo pa ThinkPad si ntchito yamasewera. Chosungira chikhale SSD, chachangu chopanda zozungulira mkati, osati hadi disiki yozungulira ija. Pomaliza, masiku a garanti alembedwe pa lisiti, asangonenedwa pakamwa.

Mkulu wopuma pa ntchito yowerengera ndalama, Zomba, anayankha:

Zimene anena achimwene a ku Limbe ndi zoona, koma ndikufuna kuwaikira kumbuyo pang'ono alamu anu, chifukwa maganizo awo si opanda pake. Kompyuta yapatebulo monga Dell OptiPlex yogwiritsidwapo kale ntchito nthawi zambiri imakupatsani mphamvu zambiri pa ndalama yomweyo, ndipo chilichonse chimene chafa mumangosintha icho chokha. Mwana akathira tiyi pa kiyibodi, mwataya kiyibodi basi, pamene pa laputopu tiyi yemweyo amatsikira mpaka pa bodi. Kwa bambo amene azikhala ndi mizere ya manambala mu Excel madzulo aliwonse, sikirini yaikulu ndi kiyibodi yokhala ndi manambala kudzanja lamanja n'zothandiza kwambiri, makamaka maso akayamba kufuna mandala. Ndiponso chinthu chimene sichinyamulika sichibwerekedwa, ndipo amene ali ndi abale ambiri akudziwa chimene ndikunena.

Vuto lake ndi magetsi. Ambiri tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Kompyuta yapatebulo imazima nthawi yomweyo magetsi akathima, ndipo zimene simunasunge zimapita. Yanga inapsa chigawo cholandirira magetsi usiku wina magetsi atabwerera mwamphamvu, ine nditaiwala kuzula pulagi. Kuyambira pamenepo ndinagula UPS, kabokosi ka batire kamene kamapitiriza kupatsa kompyuta moto magetsi akathima, koma dziwani kuti UPS yaing'ono imangokupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa bwino, siyokwanira kulembera mayeso a Fomu 2 usiku wonse, ndipo batire lake nalo limatha pakapita zaka zingapo. Mukawerengera sikirini, UPS, kamera ndi kachipangizo ka Wi-Fi, kutsika mtengo kuja kumayamba kusungunuka. Laputopu zambiri za mu ofesi zimagwiritsa ntchito chaja ya mawati 45 kapena 65, imene sola yapakhomo yokhala ndi inveta imatha kuikwanitsa.

Choncho ndikanakhala inu ndikanatenga laputopu ya mtundu umene wanenedwawo, ndipo ndalama ikapezekanso ndikanagula sikirini ndi kiyibodi zapadera zoti bambo azilumikiza patebulo. Monga munthu wa manambala ndiwonjezere ichi: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu yense wa makompyuta amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Makina amene mungathe kuwakonza ndi kachipangizo kamodzi amakutetezani ku mitengo ya mawa kuposa amene akafa pamafunika kugula ena athunthu.

Wophunzira za uinjiniya, Blantyre, anayankha:

Amayi, ine ndiyankhepo za MacBook ndi za mng'ono wanga amene ali Fomu 4. MacBook ndi makina abwino, osavuta kuphunzira, ndipo amene anatuluka kuyambira 2020 okhala ndi pulosesa ya M1 amasunga moto nthawi yaitali kwambiri. Koma pa atatu amene mwawatchula, amene adzavutike nayo ndi wa uinjiniyayo. AutoCAD ilipo ya pa Mac, koma Revit, Civil 3D ndi SolidWorks ndi za pa Windows, ndipo pa Mac za M1 njira yakale ya Boot Camp yoikira Windows pambali inachotsedwa. RAM yake simungawonjezere, ndipo ikasweka sikirini, okonza ndi zipangizo zake n'zosowa ndi zodula kuyerekeza ndi za Lenovo kapena HP.

Popeza ndi yaulere, sindikunena kuti muikane. Koma auzeni achimwene anuwo kuti asanaitumize atulukemo mu akaunti yawo ya Apple, azimitse Find My, njira ya Apple yolondolera ndi kukhomera makina otayika, ndiponso afufute zonse, apo ayi ikhoza kufika ku Dedza ili yokhoma, ikufunsa mawu achinsinsi a mwini wake. Kumbukiraninso kuti mapulagi a ku South Africa ndi osiyana ndi athu a mano atatu amakona, choncho mudzafunika adaputala.

Pa nkhani ya mng'ono wangayu, musadzipanikize kugula makina amphamvu lero chifukwa cha maphunziro amene sanayambe. Akasankhidwa adzapita nayo kompyutayo ku Blantyre, ndipo inu ndi bambo mudzatsala opanda kanthu. Gulani imene ikukwanira ntchito zapakhomo tsopano, yoti RAM ikhoza kufika 16GB, ndipo za iye mudzaziona zotsatira za MSCE zikatuluka.

Wokonda Linux, Mzuzu, anayankha:

Ndikusiyana pang'ono ndi akulu a ku Limbe pa makina a m'badwo wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri, monga i5-6300U ndi i5-7200U. Amenewa sanafe, angokanidwa ndi Windows 11, ndipo chifukwa cha chimenecho munthu wodziwa kunenerera akhoza kuwapeza motsika. Linux Mint kapena Ubuntu, zimene zimayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, zimayenda bwino pa makina amenewa, n'zaulere, ndipo Ubuntu ya LTS imatuluka zaka ziwiri zilizonse mu Epulo n'kumasamalidwa kwa zaka zisanu. LibreOffice ili ndi Writer yolembera mayeso ndi Calc yowerengera za golosale, popanda kulipira laisensi kapena kuikamo mapulogalamu akuba amene amabwera ndi mavairasi. Mukhoza kuiyesa kuchokera pa fulashi osafufuta chilichonse.

Sindikubisirani zovuta zake. Pepala la mayeso lokhala ndi matebulo ndi zithunzi limene mwalemba mu Writer nthawi zina limasokonekera likatsegulidwa mu Word ku ofesi ya sukulu, ndipo njira yozembera vutoli ndi kulisunga ngati PDF musanapite kukasindikiza. Mapulogalamu a uinjiniya amene atchulidwawo sayenda pa Linux. Chinanso n'chakuti mukakakamira penapake, anthu oti akuthandizeni pafupi ndi ochepa, chifukwa aphunzitsi anzanu onse anazolowera Windows. Ngati pakhomo palibe amene amakonda kufufuza zinthu payekha, kuphweka kwa chinthu chimene aliyense akuchidziwa kuli ndi mtengo wake, ndipo sindingakuimbeni mlandu mukasankha chimenecho.

Poti ndinu mphunzitsi wa Chichewa, mudzafuna chilembo cha ŵ. Mu Word lembani 0175 kenaka dinani Alt ndi X pamodzi, ndipo nambalayo idzasanduka ŵ.

Mphunzitsi wa ku Dedza anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndinamuimbira wogulitsa uja ndipo wanditumizira chithunzi pa WhatsApp chosonyeza kuti ndi T480, i5-8350U, RAM 8GB, SSD ya 256GB. Za batire wati tidzaonere limodzi ndikapita. MacBook ndawauza achimwene kuti aisunge kaye mpaka mwana alembe mayeso, ndipo Linux ndidzaiyesa pa fulashi patchuthi, mitu ikapepuka. Chimene chatsala kundidetsa nkhawa ndi intaneti, chifukwa kunyumba timadalira bandulo ya pafoni, ndipo mnzanga wina akuti laputopu yake inamudyera bandulo ya mwezi wonse usiku umodzi.

Wokonza makompyuta ku Limbe anayankha:

Makina amenewo ndi abwino, aphunzitsi. T480 zambiri zili ndi mabatire awiri, lina lamkati ndi lina lochotseka kumbuyo, choncho pa lipoti lija muyang'ane onse awiri, chifukwa ogulitsa ena amangosintha lakunjalo. Za bandulo, mnzanuyo anadyeredwa ndi Windows Update. Mukalumikiza laputopu ku foni yanu, lowani mu Settings, pa Network & internet, sankhani dzina la Wi-Fi ya foniyo, ndipo muyatse Metered connection, kuti Windows idziwe kuti intaneti imeneyo ndi yogula pang'onopang'ono ndipo ichepetse zokoka payokha. Komabe musaisiye osaikonzanso kwa miyezi yambiri, muziipititsa pamene pali Wi-Fi kamodzi pamwezi. Tsiku logulalo muuze wogulitsa amalize zonse za Windows Update pa intaneti ya m'shopu mwake inu musananyamuke, ndipo mupange maakaunti atatu osiyana, anu, a bambo ndi a mwana, kuti mapepala a mayeso asakhale poti wa Fomu 4 akhoza kuwatsegula.